TSH yakwera, koma mayi akuti sadumphitsa mankhwala

Namwino: Anzanga, ndithandizeni nzeru. Pali mayi amene ali pa levothyroxine 100 mcg chifukwa cha chithokomiro. TSH, chizindikiro cha m'magazi chomwe chimakwera mahomoni a chithokomiro akamachepa m'thupi, inali bwinobwino, pano yakwera. Akuti sadumphitsa ngakhale tsiku limodzi. Nditafunsitsa, andiuza kuti piritsilo amamwera juwisi wa malalanje, nthawi zina wa manyumwa. Tikweze mlingo?

Wa ku famasi: Musakweze kaye, anamwino. Awuzeni abweretse paketi ya juwisiyo. Ngati ndi uja wothira kashiamu, vuto lagona pamenepo. Kashiamu amagwirana ndi levothyroxine m'matumbo, gawo lina n'kutuluka osalowa m'magazi. Pamafunika maola 4 pakati pake, chimodzimodzinso ayironi ndi mankhwala a chilungulira okhala ndi aluminiyamu.

Wophunzira: Pepani akuluakulu, ine ndimayesa wolakwa ndi manyumwa, ngati mmene zimakhalira ndi simvastatin, mankhwala ochepetsa mafuta m'magazi aja?

Wa ku famasi: Ayi, njira zake n'zosiyana. Pa simvastatin manyumwa amatseka CYP3A4, enzaimu yomwe imaphwanya mankhwalawo m'thupi, mankhwala n'kuchuluka m'magazi. Kwa levothyroxine amangochepetsa pang'ono kulowa kwake. Kafukufuku wa ku Finland wa 2005 anapeza kusiyana kochepa ndithu. Manyumwa okha sindingawaimbe mlandu.

Dokotala: Ndikugwirizana nazo. Chondidetsa nkhawa ine si zipatsozo kwenikweni, koma kuti womwera juwisi nthawi zambiri amakhala ali kale pa chakudya cha m'mawa, mwinanso khofi ali pambali. Khofi amasokoneza kwambiri. Afunseninso ngati ayamba omeprazole, mankhwala ochepetsa asidi wa m'mimba, poti piritsi la levothyroxine limafuna asidi wa m'mimba kuti lisungunuke. Ngati ali a msinkhu wobereka muwayeze mimba, oyembekezera amafuna mlingo wokulirapo ndipo iwowo sitiwadikiritsa.

Mukakweza mlingo lero, iwo n'kusiya juwisi mawa, mankhwala adzawachulukira m'thupi, mudzawaona akubwera mtima ukugunda, thukuta kamukamu, tulo osapeza.

Namwino: Ndiye ndiwauze chiyani?

Dokotala: Amwere madzi okha m'mimba mulibe kanthu, adikire mphindi 30 mpaka 60 asanadye. Kukawavuta m'mawa, amwe pogona patatha maola 3 atadya. TSH tiyezenso pakatha masabata 6 mpaka 8. Mankhwalawa amatenga pafupifupi masiku 7 kuti theka lichoke m'thupi, ndiye kuyeza msanga n'kungotaya magazi a munthu.

Namwino: Atumiza chithunzi cha paketi, ndi wa kashiamu uja. Mimba alibe, omeprazole samwa. Tisiya 100 mcg yomweyo, juwisi azimwa masana.