Kodi tabuleti ingalowe m'malo mwa kompyuta ya pa tebulo kapena laputopu?

Mayi wa ku Chilomoni walemba:

Ndikupempha nzeru kwa inu amene mumazidziwa bwino zipangizozi. Kompyuta ya pa tebulo imene takhala tikugwiritsa ntchito pakhomo pathu kwa zaka 8 inasiya kuyaka sabata yatha, magetsi atabwera mwamphamvu pambuyo poti athima tsiku lonse, ndipo amene anadzaiona anandiuza kuti kuikonza kungadye ndalama zoyandikira mtengo wogulira ina. Ndalama zimene ndasunga zingakwanire chinthu chimodzi chokha, ndipo mwana wanga wamkulu akundilimbikitsa kuti ndigule tabuleti, akuti masiku ano palibenso amene amafuna chimakina chodzaza tebulo lonse.

Ntchito zanga si zapamwamba ayi. Ndine msungichuma wa gulu lathu la banki m'khonde la amayi 22, ndipo masheya, ngongole ndi chiwongoladzanja cha aliyense ndimazilemba mu Excel, kenaka kumapeto kwa mwezi ndimasindikiza pepala loti tikaliwerenge pamodzi pa msonkhano. Ndimalembanso makalata a chigwirizano cha amayi kutchalitchi. Mwana wanga wa Fomu 3 amawerengerapo mapepala a mayeso akale a MSCE, ndipo wamng'ono amene ali Sitandade 2 amangofuna zithunzi ndi nyimbo. Kodi kwa munthu wamba ngati ine tabuleti ingagwire ntchito zonsezi popanda kunong'oneza bondo, kapena ndingolimba mtima n'kugula laputopu ngakhale yogwiritsidwapo kale ntchito?

Wokonza makompyuta ku Limbe wayankha:

Mayi, pepani ndi zimene zakuonekeranizo. Ine ndakhala ndikutsegula zipangizo zimenezi kwa zaka zambiri, ndipo yankho langa ndi lakuti tabuleti ingawakwanire ana anu onse awiri, koma inuyo siingakukwanireni. Mmene ndimaonera, tabuleti inapangidwira munthu amene akuwerenga, kuonera, kumvetsera ndi kuyankha mwachidule, pamene kompyuta inapangidwira munthu amene wakhala pansi kuti apange chinthu kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

Tiyeni titenge buku lanu la banki m'khondelo. Excel ilipo ndithu pa tabuleti ya Android komanso pa iPad, ndipo fayilo yanu idzatseguka bwinobwino. Vuto limayamba pamene mukulowetsa manambala a amayi 22 m'timabokosi ting'onoting'ono ndi chala, kiyibodi ya pa sikirini itaphimba theka la tsamba, moti simukuonanso dzina la mayi amene mukumulembera ngongole. Ndinaonapo bambo wina wa golosale amene anabwera kwa ine akudandaula kuti tabuleti yake ikusokoneza masamu, koma titayang'anitsitsa tinapeza kuti chala chake chinkatsetsereka n'kugwera mzere wapansi, ndipo ndalama za shuga zinkalembedwa pa sopo. Pa ndalama za gulu, cholakwika chotero chikhoza kudanitsa anthu amene akhala akukhulupirirana kwa zaka. Dziwaninso kuti ngati amene anakukonzerani fayiloyo anaikamo ma macro, timalamulo todziwerengera tokha, amenewo sagwira ntchito pa Excel ya tabuleti.

Ena adzakuuzani kuti mungogula kiyibodi ndi mausi za Bluetooth, ndipo n'zoona kuti zimathandiza kwambiri. Koma mukaphatikiza mtengo wa tabuleti yabwino, kiyibodi, mausi ndi chikwama choiimikira, mudzapeza kuti mwafika kale pa mtengo wa laputopu yogwiritsidwapo ntchito, imene zonsezo zili momwemo ndipo sizifuna kuchajidwa padera.

Chachiwiri ndi kusindikiza. Mapulinta ambiri amene ali m'makomo ndi m'timaofesi ta m'tauni muno ndi olumikiza ndi chingwe cha USB, ndipo amafuna pulogalamu yake ya Windows kuti amvane ndi kompyuta. Tabuleti imamvana mosavuta ndi pulinta ya Wi-Fi, koma ngati yanu ndi yakale ija, mudzayamba kukwera minibasi kupita ku Ginnery Corner kapena kuno ku Limbe kukasindikizitsa pepala limodzi lokha mwezi ndi mwezi.

Chimene chimandipweteka mtima kwambiri monga mmisiri ndi nkhani yokonza. Laputopu ikayamba kuchedwa ndimaitsegula ndi sikuludilaiva, ndimawonjezera RAM (memori imene kompyuta imagwiritsa ntchito poyendetsa mapulogalamu), ndimachotsa hadi disiki yakale n'kuikamo SSD (chosungira mafayilo chothamanga kuposa hadi disiki), ndipo mwini wake amabwerera kwawo ndi makina amene akhalanso zaka zina zingapo. Kiyibodi ikafa ndimasintha, batire ikatha mphamvu ndimasintha, ndipo zipangizo za HP, Dell ndi Lenovo sizivuta kwenikweni kuzipeza chifukwa makina amenewa ndi ochuluka m'dziko muno. Tabuleti ndi yomata ndi guluu, RAM yake ndi yowotcherera pa bolodi, ndipo galasi likasweka, makamaka pa matabuleti otchipa a mayina osadziwika aja, nthawi zambiri lina lolowa m'malo mwake silipezeka. M'shelefu mwanga muli matabuleti angapo amene eni ake anawasiya osabweranso, chifukwa mtengo woitanitsa galasi kunja unaposa theka la mtengo wa tabuletiyo. Chiyambireni kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, chilichonse choitanitsa kunja chinakwera koopsa, choncho chinthu chokonzeka pompano chili ndi phindu limene sitinkaliwerengera kale.

Mphunzitsi wa ku Bangwe wayankha:

Ndawerenga zimene bambo a ku Limbe alemba ndipo zambiri ndikugwirizana nazo, koma ndikuona kuti ayankhula ngati munthu amene magetsi sam'vuta. Mayiwa kompyuta yawo yafa ndi magetsi, ndipo nkhani imeneyo sitingailambalale. Tonse tikukumbukira zimene zinachitika namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January 2022, pamene dziko linataya mphamvu pafupifupi mamegawati 130 ndipo kuthima kwa magetsi kunakhala chakudya cha tsiku ndi tsiku kwa nthawi yoposa chaka. M'masiku amenewo kompyuta ya pa tebulo inali ngati mpando chabe m'nyumba. Laputopu yanga, imene batire yake inali itatopa, inkazima isanathe ola limodzi, pamene tabuleti ndinkaichaja pa kasola kakang'ono pawindo ndi chingwe cha foni, n'kuigwiritsa ntchito madzulo onse pokonzekera phunziro la mawa. Tabuleti imakoka mphamvu yochepa kwambiri, ndipo ngakhale pawabanki wamba imaidzutsa, zimene laputopu zambiri zakale sizilola.

Ndikufunanso kutsutsa pang'ono maganizo akuti tabuleti ndi yoonerapo zinthu basi. Kalembera wa anthu ndi nyumba wa 2018 anachitika pogwiritsa ntchito matabuleti, ndipo owerengawo anayenda nawo m'midzi ndi m'makwalala a dziko lonse lino akulowetsa mayankho a khomo lililonse. Imeneyo inali ntchito yaikulu ya boma. Kusukulu za pulayimale nakonso, pulogalamu ya BEFIT imene inayamba mu 2023 ikupereka matabuleti ochajidwa ndi sola kuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzirirapo kuwerenga ndi masamu m'Chichewa. Mwana amene sanagwirepo mausi amaphunzira kukhudza sikirini m'mphindi zochepa chabe, ndipo ndaona ndi maso anga agogo amene ankaopa kompyuta akuwerenga Baibulo pa tabuleti atakulitsa zilembo ndi zala ziwiri.

Komabe ndivomereze chinthu chimodzi, poti ndine mphunzitsi ndipo sindingabise. Pa kalembera paja anthu ankangodzaza mafomu okonzedwa kale, funso limodzi pa nthawi imodzi, ndipo mmenemo ndi mmene tabuleti imachitira bwino. Ine ndikafika nthawi yolemba mayeso a kumapeto kwa teremu ndi kuphatikiza malikisi a ana oposa 80, ndimaisiya tabuleti n'kutenga laputopu yomwe ija yotopa batire. Ndipo mwana wanu wa Fomu 3, mayi, ayenera kuphunzira kutaipa ndi zala zonse komanso kusunga mafayilo m'mafoda, chifukwa kukoleji ndi kuntchito adzamufunsa zimenezo.

Wophunzira wa ku MUBAS wayankha:

Makolo anga, ndiloleni ndiwonjezerepo pang'ono. Mkangano umenewu unayamba pamene Apple inatulutsa iPad mu 2010, ndipo chaka chomwecho Steve Jobs, amene anali mkulu wa Apple, anayerekeza kompyuta ndi lole, kutanthauza kuti idzafunikabe koma kwa anthu ochepa, pamene ambiri adzakhutira ndi galimoto yaing'ono. Chimene chachitika kuyambira pamenepo n'chakuti matabuleti akhala akudzisandutsa malaputopu pang'onopang'ono. Microsoft inatulutsa tabuleti ya Surface mu 2012 yokhala ndi kiyibodi yochotseka, Samsung ili ndi DeX imene imaonetsa mawindo angapo pa sikirini ngati kompyuta, ndipo iPad inayamba kulandira mausi mokwanira mu 2020. Koma matabuleti amene amachita zimenezi bwino ndi okwera mtengo kuposa laputopu zambiri zimene anzanga ali nazo kuno ku Chichiri, ndipo otchipa aja sachita.

Palinso nkhani ya bandulo. Tabuleti imakonda kusunga zinthu pa intaneti, monga pa Google Drive kapena iCloud, ndipo malo ake osungira zinthu amakhala ochepa, choncho imadya mayunitsi a Airtel kapena TNM mosazindikira. Kwa anthu ambiri kuno, chimene chinalanda ntchito za kompyuta ndi foni, chifukwa WhatsApp, Facebook, Mpamba ndi Airtel Money zonse zili mmenemo kale. Ngati mayi muli ndi foni ya Android, tabuleti idzangokupatsani zomwezo pa sikirini yaikulu.

Mayi wa ku Chilomoni wayankha:

Zikomo kwambiri nonse, mwanditsegula maso. Nkhani ya chala chotsetsereka ija yandiopsa, chifukwa ndikudziwa mmene amayi anzanga amayang'anira mzere wawo pa pepala lija, ndipo kwacha imodzi ikasowa msonkhano sutha. Pulinta yanga ndi ya chingwe ndithu, ndipo foni ya Android ndili nayo kale, choncho ndikupendekera ku laputopu. Koma mawu a aphunzitsi okhudza batire andikhudza, popeza sindikufuna kugula chinthu chimene chidzazima magetsi akangothima. Bambo a ku Limbe, ndikapita kukagula yogwiritsidwapo kale ntchito, ndiyang'ane chiyani kuti ndisagulitsidwe mphaka m'thumba?

Wokonza makompyuta ku Limbe wayankha:

Aphunzitsi anena zoona pa za magetsi, ndipo ndikuvomereza kuti kompyuta ya pa tebulo musaigulenso, mayi, pokhapokha mutakhala ndi UPS, kabokosi ka batire koiteteza magetsi akathima. Mukafika kwa wogulitsa, mupempheni aichaje laputopuyo mpaka kudzaza, kenaka azule chaja inu mukuona, ndipo mukhale nayo mphindi zosachepera 20 mukutsegula Excel ndi kuonera kanema, n'kumayang'ana mmene peresenti ya batire ikutsikira. Ikatsika mothamanga, muuzeni achotsere mtengo wa batire yatsopano kapena aisinthe musanalipire. Tsegulani Word ndipo mudinde batani lililonse la kiyibodi limodzilimodzi, mulowetse fulashi yanu m'mabowo onse a USB, ndiponso mutsegule ndi kutseka chivundikiro kangapo kuti mumve ngati mahinjesi akulira.

Funsani kuti ikhale ndi RAM ya 8 GB ndi SSD, chifukwa zimenezi n'zimene zimachititsa kuti makina akale azithamanga. Chofunika kwambiri, onetsetsani kuti ili ndi Windows 11 kapena ingathe kuilandira, popeza Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 October 2025, ndipo laputopu zambiri zotchipa zimene zadzaza m'mashopu ndi zimene maofesi a kunja anazitaya pa chifukwa chomwecho. Ngati ili ya Intel, purosesa yake, imene ili ngati ubongo wa kompyuta, ikhale ya m'badwo wa 8 kapena kuposa apo. Mugulenso kachipangizo koteteza ku magetsi obwera mwamphamvu, ndipo magetsi akathima muzizula chaja kukhoma.

Kompyuta yakufayo musaitaye msanga. Kawirikawiri chimene chimapsa ndi kabokosi ka magetsi ka mu kompyutamo kapena bolodi, pamene hadi disiki imatsala yamoyo, choncho mupite nayo kwa mmisiri amene mumamukhulupirira kuti akuchotsereni mafayilo a gulu lanu ndi kuwasamutsira mu laputopu yatsopanoyo msonkhano wa kumapeto kwa mwezi usanafike.