Kodi "moth" ndi chiyani, ndipo amatchula bwanji?

Mayi wa ku Chilomoni:
Zikomo abale. Mwana wanga wa Sitandade 6 wabwera ndi ntchito ya Chingerezi, pali mawu akuti moth. Ine ndamuuza kuti ndi gulugufe, iye akukana, akuti aphunzitsi anati butterfly ndi china. Ndipo potchula, ine ndikumva ngati "mofi". Ndithandizeni, mawa akaima kutsogolo kwa kalasi.

Mphunzitsi wopuma, Dedza:
Mayi, mwanayo akunena zoona. Butterfly amauluka masana, akatera amaimika mapiko. Moth amakonda usiku, ndi uja amazungulira nyali mpaka kupsa, kwathu timati kadziwotche. Akatera mapiko amawayala. Potchula "th" wakumapetoyo, ikani nsonga ya lilime pakati pa mano n'kuuzira mpweya, monga poyamba mawu akuti think. Si "mofi" ayi, komanso musawonjeze "i" kumapeto. Ena amasokoneza ndi mother, koma pa "th" wa mu mother mawu amanjenjemera pakhosi, pa wa mu moth sanjenjemera.

Telala wa ku Limbe:
Ine ndimawadziwa chifukwa cha ntchito. Njenjete zimene zimaboola majuzi aubweya m'sutikesi nazonso Azungu amati moth, ngakhale chodya nsalucho ndi mphutsi yake. Timipira toyera tonunkha timene timaika m'zovala ndi mothballs. Pa Mateyu 6:19 paja pakuti njenjete ndi dzimbiri, m'Chingerezi pali moth and rust.

Mlimi, Salima:
Onjezaninso ntchemberezandonda zija zinatha chimanga chathu mu 2017. Mayi wake woikira mazira pa masamba usiku ndi moth.

Mayi wa ku Chilomoni:
Zikomo kwambiri bambo. Tayesera kakhumi pagalasi, tsopano lilime likutuluka.