Ndigule reel yaikulu kapena ndikonze yomwe ndili nayo? Ulendo wa ku Inhambane

Mlonda_wa_ku_Durban:

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi grinder (reel ya spinning, chokulungira chingwe chowedzera) ya size 6000, thupi lake la graphite, yomwe ndimawedzera snoek ndi dorado pa boti kuno ku Durban. Mu November tikupita ku Inhambane, ku Mozambique, komwe cholinga ndi couta (nsomba za king mackerel) zazikulu ndi yellowfin tuna, komanso kuponya popper (nyambo yopanga yoyandama pamwamba pa madzi) pa reef (miyala ya m'nyanja) kufuna GT (nsomba ya giant trevally). Vuto la reel yangayi ndi lakuti nsomba ikathamanga, drag (buleki imene imagwira chingwe nsomba ikamakoka) imatulutsa chingwe modukizadukiza, ndipo ndikamakoka nsomba yolemera handle imauma. Pabokosi analemba kuti drag imafika 12 kg. Kodi kungosintha ma washer a m'kati mwa drag kukwanira, kapena ndigule ina? Ngati n'kugula, Shimano Saragosa ikwanira kapena ndidzimane mpaka ndipeze yodula ija ya Shimano Stella?

Che_Nkhwazi:

Achimwene, mwatchula matenda awiri osiyana. Amodzi amachizika, enawo ayi.

Drag yodukiza ndi nkhani ya ma washer. Ma reel ambiri otsika mtengo amabwera ndi ma washer a felt onyowetsedwa ndi mafuta. Nsomba ikathamanga mamita 100 osapuma, spool (pokulungika chingwe) imatentha, mafuta aja amauma, felt imaphwatalala n'kuyamba kugwira ndi kutaya. Chotsani kawaya kamene kamatsekera ma washer pamwamba pa spool, muwayale patebulo motsatana monga mwawachotsera, mupukute achitsulo aja mpaka awale, ndipo m'malo mwa felt muikemo a carbon fibre a muyezo womwewo. Apakeni girisi wa drag, monga wa Cal's, pang'ono kwambiri moti nsalu ya carbon izionekabe. Pamenepo kudukiza kutha, ndipo ndalama yake ndi yochepa.

Handle youma ndiye nkhani ina. Thupi la graphite limapindika likalemedwa. Likapindika ngakhale pang'ono, main gear ndi pinion sizikumananso bwino, mano amadyana cham'mbali, ndipo inu mumamva ngati mukupukusa mchenga. Yesani izi: mangani chingwe ku mtengo, mangitsani drag, kokani ndodo kwinaku mukuyang'ana mwendo wa reel ndi rotor. Mukaona rotor ikuweramira ku spool, palibe washer kapena girisi amene angakonze zimenezo.

Za 12 kg yapabokosiyo musaiwerengere. Nambala imeneyo ndi ya drag yomangidwa mpaka kumapeto, reel ili yozizira. Tengani sikelo ya mbedza ija, chingwe chidutse m'ma guide onse a ndodo, mnzanu akoke inu mutapinda ndodo ngati muli ndi nsomba. Mukapeza kuti imatuluka bwino mpaka 5 kapena 6 kg, ndiye reel ya couta ndi dorado imeneyo, ndipo pantchito imeneyo isungeni. Couta safuna drag yambiri. Kamwa lake limang'ambika ndipo ma treble (mbedza za nsonga zitatu) amazuka, choncho 2 mpaka 3 kg pa liwiro loyamba ndi yokwanira.

Mai_a_Tuna:

Ndikuvomerezana ndi a Nkhwazi kuti yakaleyo ikhale ya couta. Tsono pa yogulayo, yambani ndi chingwe, reel ibwere pambuyo.

Lamulo lake ndi lakuti drag ikhale pakati pa gawo limodzi mwa magawo anayi ndi limodzi mwa atatu a mphamvu ya chingwe. Braid (chingwe cholukidwa) ya 80 lb ndi pafupifupi 36 kg, ndiye drag yanu ili pa 9 mpaka 12 kg. Ndipo ndikuuzeni, 10 kg pa ndodo yaitali yoponyera, boti likugwedezeka, ndi katundu woti ambiri satha naye mphindi 15 msana usanadandaule. Amene amagula reel chifukwa pabokosi palembedwa 25 kg sadzafikako n'komwe.

Ma size a Shimano a m'madzi amchere amayenda motere: 8000 imanyamula PE4 (PE ndi muyezo wa kunenepa kwa braid) mamita 300, 10000 imanyamula PE5, 14000 PE6, ndipo 18000 PE8, zonse mamita 300. Yellowfin za ku gombe la Inhambane ndi KwaZulu-Natal nthawi zambiri ndi zapakati, si zimphona za ku Cape Point zimene zimapitirira 60 kg. Pa zimenezi 10000 kapena 14000 ndi yokwana. Saragosa SW 10000 analemba drag ya 15 kg, thupi lake ndi la aluminium lotsekedwa kuti madzi asalowe pa muyezo wa IPX8, ndipo ma washer ndi a carbon kale. Stella ya size yomweyo mtengo wake umaposa kawiri. Ndalama yotsalayo mufunika ndodo yoyenera, braid, leader (chingwe chonenepa cha kutsogolo), ma split ring, lamba womenyera nsomba ndi magolovesi. Reel yodula pa ndodo ya snoek n'chimodzimodzi kuika injini ya lole pa njinga ya kabaza.

Chinthu china chimene anthu amaiwala: chingwe chikamatha pa spool, drag imakwera yokha ngakhale simunaikhudze. Mphamvu yogwira ma washer ndi yomweyo, koma spool yaonda, ndiye chingwe chimafunika kukoka kwambiri kuti iizungulitse. Kunenepa kwa spool kukatsika kufika theka, drag yawirikiza. Tuna ikatenga mamita 200, dzanja limafuna kumangitsa, pomwe choyenera n'kumasula pang'ono. Zingwe zambiri zimaduka pamenepa, reel n'kumanamiziridwa.

Kadaulo_wa_Popper:

Amayi anena zoona pa tuna, koma pa GT ndikutsutsa pang'ono. Tuna imathawira kunyanja yakuya komwe kulibe chodula chingwe, mukhoza kuilekerera itope. GT imamenya popper n'kulunjika ku miyala nthawi yomweyo. Muli ndi masekondi ochepa oti muitembenuze mutu, ndipo lamulo la gawo limodzi mwa atatu lija limasanduka poyambira chabe. Anthu amamenya pa 12 mpaka 15 kg, PE8, leader ya 130 mpaka 200 lb, dzanja likuthandizira kugwira spool, woyendetsa boti akukokera kutali ndi reef.

Reel imene malire ake ndi 15 kg ikamagwira pa 13 kg tsiku lonse ndiye kuti ili pamapeto a mphamvu zake. Stella SW 14000XG, yolembedwa 25 kg, pa 13 kg ili pakatikati, ndipo kutentha imakupirira bwino. Phindu la nambala yaikulu lili pamenepo. Onjezani kuti popper ya magalamu 120 mpaka 180 imaponyedwa kambirimbiri patsiku, ndipo kukoka kulikonse kumagunda main shaft, bail arm (kawaya kopindika kolowetsa chingwe pa spool) ndi anti-reverse (choletsa handle kubwerera m'mbuyo). Pamenepa Stella, Twin Power SW ndi Daiwa Saltiga zimaonetsa chimene munalipirira.

Komabe funso ndi lakuti muziponya popper kangati. Ngati ndi ulendo umodzi pachaka, Saragosa 14000XG kapena 18000HG ipirira, bola muziitsegula ikabwerako. Penn Slammer nayonso ndi yolimba ngakhale imalemera m'manja. Ngati GT ndiye ikhale ntchito yanu mwezi ndi mwezi, gulani yapamwamba kamodzi. Musanasankhe Saltiga dziwani kuti Magsealed yake imagwiritsa mafuta apadera a maginito, moti kuikonza kumafuna kuitumiza kwa oidziwa, si yotsegula pakhonde ndi sikuludiraiva.

Zilembo zakumapetozo muzisamale. XG ndi yothamanga: 14000XG ili pa 6.2:1, imakulunga masentimita 134 handle ikazungulira kamodzi, zomwe zimathandiza kuchotsa chingwe cholendewera mukakoka popper. HG ili pakati. PG ndi yapang'onopang'ono koma yamphamvu, yoyenera jigging (kukweza ndi kutsitsa nyambo yachitsulo m'madzi akuya) ndi kukweza tuna yozungulira pansi pa boti. Kugula PG pofuna popper mudzatopa mkono musanaone nsomba.

Mlonda_wa_ku_Durban:

Zikomo nonse. Ndiye ndikuona ngati 14000XG, yakaleyo ndiisinthe ma washer. Nanga braid ndiike bwanji, ndipo sailfish kapena marlin ikabwera reel imeneyi ichita?

Che_Nkhwazi:

Sailfish ichita bwinobwino, ndi nsomba yaliwiro koma yopepuka. Black marlin za ku zilumba za Bazaruto, m'chigawo chomwecho cha Inhambane, zimene zimabwera miyezi yomweyo ya September mpaka December, ndi zina. Zimenezo ndi za ma reel a trolling (kukoka nyambo kumbuyo kwa boti loyenda) monga Tiagra kapena Penn International a 50W ndi 80W, okhala ndi chingwe chochuluka ndi harness. Mamita 300 a grinder marlin yaikulu imawamaliza musanatembenuze boti.

Pa braid, choyamba ikani tepi pang'ono kapena mamita angapo a nayiloni pansi pa spool, apo ayi mtolo wonse umazungulira pa chitsulo ndipo mudzaganiza kuti drag yafa. Kulungani molimba, mnzanu atagwira ndi nsalu yonyowa mpaka reel izilemera kupukusa. Mukakulunga mofewa, nsomba ikakoka pa 10 kg chingwe chimadzilowerera m'kati mwa chinzake n'kuduka. Siyani mamilimita awiri kuchokera pamlomo wa spool, mukadzaza kwambiri ndiye mfundo za mphepo poponya. Leader mangani ndi FG knot, muikoke mutavala magolovesi mpaka braid isinthe mtundu. Pa couta ndi wahoo onjezani waya kutsogolo, mano awo nayiloni sakuiona.

Bail muzitseka ndi dzanja, ndipo ma reel aakulu ambiri anawapanga dala kuti asadzitseke okha, kuopa kuti bail ingagwe pakati poponya n'kudula popper yodula.

Mukatsika m'boti, mangitsani drag, tsukani ndi madzi abwino oyenda pang'onopang'ono. Payipi yamphamvu imakankhira mchere kudutsa ma seal, ndipo kuiviika mu ndowa n'koipa kuposa. Ipukuteni, iume pamthunzi, kenaka masulani drag kuti ma washer asaphwatalale. Choyamba kufa ndi bearing ya line roller, chifukwa ndi imene imamwa madzi amchere a pachingwe. Dontho limodzi la mafuta pakatha maulendo awiri kapena atatu, ndipo muziizungulitsa ndi kachingwe kuti mumve ngati ikulira. Mu anti-reverse musaikemo girisi ngakhale pang'ono, ma roller ake amaterereka ndipo handle imabwerera m'mbuyo n'kukumenyani zala nsomba ili pa mbedza. Ku Inhambane zida za reel n'zovuta kupeza, choncho nyamulani bearing ya line roller yapadera, ma washer ena, ndi spool yachiwiri yokulungidwa kale.