Ngongole ya msonkho yandipanikiza, loya wodziwa zimenezi ndimupeza bwanji?

Nangozo_wa_maoda:
Abale ndithandizeni nzeru. Ndili ndi kakampani koperekera katundu m'maofesi, ndiye a msonkho andilembera kalata yoti ndili ndi ngongole, koma ndalama alembapozo zikuposa ndi phindu lonse lomwe ndapeza chiyambire bizinesiyi. Mbali ina akuti ndi VAT, ina penati ndi chiwongola dzanja, kwinako sindikumvetsa n'komwe kuti azitenga kuti. Amene ankandisungira mabuku anasiya ntchito ndipo ndikuona ngati ma return ena (mafomu ofotokozera a msonkho mmene malonda ayendera) sanapite. Anzanga akuti ndipeze loya koma maloya amene ndimawamva ine ndi a milandu ya malo ndi maukwati basi. Loya wa misonkho wapafupi munthu amamupeza bwanji, nanga ndidziwa bwanji kuti sakungondidyera? Palinso wina wandiimbira foni akuti ali ndi anthu ake mkatimo, atha kuifufuta ngongoleyi ndikangomupatsa kangachepe.

Mbewe_wamabuku:
Mayi, musanayambe kusakasaka loya tengani kalatayo muone zinthu ziwiri: deti yake, komanso ngati yalembedwa kuti assessment (kutanthauza kuti a msonkho awerengera okha ndalama zomwe muyenera kulipira) kapena ndi yongokumbutsa kuti mulipire. Ine ntchito yanga ndi ya akauntanti ndipo zoterezi ndimaziona pafupipafupi. Munthu akapanda kutumiza ma return, a msonkho sadikira, amangoyerekeza okha kuti mwina anagulitsa mwakuti, potengera ndalama zolowa ku banki kapena zomwe makasitomala anu analemba m'mabuku awo, ndipo poyerekezapo saganizira zomwe inu munawononga pooda katunduyo. Ndiye chifukwa chake nambala imatuluka yoopsa chonchi.

Ngati ili assessment muli ndi ufulu woitsutsa, koma nthawi yake ndi yowerengeka. M'mayiko ambiri amapereka masiku 30, kwina amaposa, kalatayo nthawi zambiri imanena yokha. Masikuwo akangodutsa nambala ija imakhazikika ngati kuti mwavomera, ndipo kupempha kuti akumvereni mochedwa ndi ntchito ina yovuta yofuna chifukwa chomveka.

Komanso mudzifunse, vuto lanu ndi liti? Mukukana kuti ndalamazo si zoona, kapena mukuvomera koma mulibe zolipira pakamodzi? Zimenezi ndi nkhani ziwiri zosiyana. Yachiwiriyi kawirikawiri sifuna loya n'komwe, mumalemba kalata yopempha kulipira pang'onopang'ono ndi kupempha kuti akuchotsereniko penati. Msonkho weniweniwo sakhululuka wamba, penati ndiye amatha kumva ngati chifukwa chilipo.

Chimz:
Zoona zake maloya ndi odula amayi, mukawonjezera ngongole pa ngongole. Bwanji osangopita nokha ku ofesi kukacheza nawo, ndi anthu omwewa.

Gogo_Phiri_kalaliki:
A Chimz, kupita wekha ndi bwino ngati nkhani ili yongokonza malipiro. Koma pamene pali VAT yomwe munatolera kwa makasitomala osaipereka, kucheza kwa ku ofesiko kumafuna kusamala, chifukwa chilichonse mukanene chimalembedwa. VAT ndi PAYE (msonkho womwe mumadula pa malipiro a antchito) boma limaziona ngati ndalama zake zomwe inu munangosunga, ndiye limalimba mtima kwambiri kusiyana ndi msonkho wa phindu, ndipo malamulo a mayiko ena amalola kulondola mwini kampani kapena dairekita payekha.

Ndinagwirako ntchito ya ukalaliki kwa maloya mpaka kupuma, ndiye mwanangu Nangozo mvetsera. Loya amafunika pamene ndalama zili zambiri ndipo ukutsutsa mmene akumasulirira lamulo, pamene ayamba kutchula zoti unazemba dala, pamene alembera banki yako kuti itseke akaunti kapena iwapatse ndalama zako, kapena nkhani ikupita ku khoti. Palinso china chomwe anthu sachidziwa: zomwe wauza loya wako pofuna uphungu lamulo limaziteteza ngati chinsinsi, pomwe akauntanti m'malo ambiri atha kukakamizidwa kuulula kapena kupereka mapepala ako. Ndiye ngati pali chinachake m'mabukumo chomwe chikukusowetsa tulo, woyamba kumuuza akhale loya.

Kumupeza kwake, yambira ku bungwe la maloya la m'dziko lako, limakhala ndi mndandanda wa amene ali ndi laisensi ya chaka chino, ndipo ukhoza kufunsa ngati dzina lakutilo lilipo. Koma mndandandawo sukuuza kuti ndani amadziwa msonkho. Pamenepo funsa ma akauntanti, iwowo amadziwa loya amene amawatumizira nkhani zikafika povuta. Za upafupizo usaziumirire kwambiri, loya wa pakhomo pako amene sanagwirepo nkhani ya msonkho adzaphunzirira pa iwe ndipo udzamulipira nthawi yophunzirayo. Chofunika ndi woti ali ndi chilolezo m'dziko lomwe msonkhowo ukufunidwa, zina zonse zimatheka pa foni ndi pa imelo.

Ukakumana naye mufunse mosapsatira kuti nkhani ngati yakoyi wagwirapo zingati ndipo zinathera pati, adzaigwira yekha kapena aipereka kwa wophunzira, amalipiritsa pa ola kapena pa ntchito yonse, ndipo zonsezo akulembere musanayambe. Amene akuyankha asanaone n'komwe kalatayo kuti "iyi yatha kale" ameneyo musiye.

Dobadoba wakuimbira uja usamuyankhenso. Ngongole ili mu kompyuta, sifufutika ndi munthu mmodzi popanda kusiya mapazi, ndipo tsiku lomwe zidzaululike mlandu wa ziphuphu udzakhala wako pamodzi ndi ngongole yomwe ija itakula.

Nangozo_wa_maoda:
Zikomo kwambiri agogo ndi a Mbewe. Ndayang'ana, yalembedwadi assessment ndipo masiku otsutsira atsala ochepa. Ndiye ndikatsutsa ndiye kuti ayamba aima kaye osanditolera? Nanga loya ndikapanda kumupeza msanga nditani, poti mapepala ena ndikuwasakabe?

Mbewe_wamabuku:
Musadalire kuti aima. M'mayiko ambiri kutsutsa sikuimitsa kutolera, ndipo chiwongola dzanja chimapitirira kukwera, kuti aimitse mumachita kupempha padera polemba. N'chifukwa chake ndimalangiza kuti gawo lomwe mukudziwa kuti ndi lanudi muyambe kulipirako ngakhale pang'ono, mkangano utsalire pa zomwe anangoyerekezazo.

Loya akachedwa musadikire mpaka deti idutse. Pezani akauntanti wovomerezeka sabata ino akonze ma return otsalawo, chifukwa popanda amenewo ngakhale loya wodziwa bwanji alibe poyambira, umboni woti nambala yawo ndi yolakwika umayenera kuchokera kwa inu. Kalata yotsutsayo isangoti "sindikugwirizana nazo", itchule nambala ya assessment, miyezi yake, ndi chifukwa pa gawo lililonse, mwachitsanzo kuti ndalama yakutiyi inalowa ku banki ngati ngongole yomwe munabwereka osati malonda, kapena kuti VAT yomwe munalipira pooda katundu sanaichotsere. Muikepo ma statement a ku banki, ma invoice ndi malisiti omwe muli nawo, ndipo mulembe kuti ena mubweretsa. Malisiti otayika pemphani makope kwa omwe munkaodako, ambiri amasunga.

Mukakapereka, akudindireni kope yanu yokhala ndi deti, kapena ngati mwatumiza pa intaneti sungani uthenga wotsimikiza kuti yafika. Za chinsinsi agogo anenazo ndi zoona, ndiye ngati pali VAT yomwe munalandira osaipereka, loyayo aione kalatayo musanaisaine.