Sipiliti wapepo popanga sanitaiza: ndigule kapena ayi?

Wa Sopo ku Zomba: Akuluakulu, ndithandizeni. Ndapeza oda ya sanitaiza malita 200 kusukulu ina. Ethanol woyera wa 96% ndi wokwera mtengo zedi, koma wogulitsa wina ali ndi sipiliti wapepo m'madiramu pamtengo wotsika. Akuti ndi ethanol yemweyo, angothiramo mtundu. Ndamuyeza ndi alcoholmeter, chida choyezera mphamvu ya mowa, akuwerenga 95. Ndigule? Nanga mtunduwo ndiuchotse bwanji?

Wa Labu ku Blantyre: Amayi, musayerekeze. Mtengowo watsika chifukwa ethanol ameneyo anamuwononga dala kuti asamweke. Maboma ambiri amadula msonkho waukulu pa mowa womwa, kwathu kuno wotolera wake ndi MRA. Kuti a mafakitale asalipire msonkho umenewo, lamulo limafuna kuti muthiridwe mankhwala oletsa munthu kumwa. Mu sipiliti wapepo, nthawi zambiri mankhwalawo ndi methanol, ndipo mtundu uja ndi chenjezo chabe. Mukauchotsa mtundu, methanol amatsala momwemo.

Chida chanucho sichinaname, koma sichingakuuzeni zimene mukufuna. Chimayeza kulemera kwa madziwo, pomwe methanol ndi ethanol amalemera pafupifupi chimodzimodzi, 0.79 onse awiri. Kuti muwasiyanitse pamafunika makina a gas chromatography kulabu.

Wa Mipando ku Ndirande: Ife wapepoyo timasungunulira shellac popolisha matebulo, ndiponso ena amayatsira mbaula. Kumeneko ndiye kwawo kwake. Ngakhale ifeyo timatsegula mawindo, apo ayi mutu umawawa madzulo.

Wa Sopo ku Zomba: Koma achimwene a ku labu, sanitaiza sakumwa ayi, ndi wopaka m'manja basi.

Wa Labu ku Blantyre: Methanol amalowa kudzera pakhungu komanso popuma. Ndiye mwati kusukulu, kodi ana simuwadziwa? Wina adzanyambita, wina wamkulupo adzamwa dala atamva fungo la mowa. Akalowa m'thupi, chiwindi chimamusandutsa formic acid, amene amaononga mtsempha wa maso. Mamililita 10 okha akhoza kuchititsa munthu khungu, 30 akhoza kupha. Choipa n'chakuti munthu sadwala pompopompo, amayamba waoneka ngati waledzera chabe, mavuto n'kubwera patapita maola ambiri. Mu 2020 bungwe la FDA ku America linachenjeza anthu za masanitaiza ambiri ochokera ku Mexico pa nkhani yomweyi, pabotolo atalemba ethanol koma mkati muli methanol.

Wa Perefyumu ku Lilongwe: Achemwali, sikuti ethanol aliyense wowonongedwa ngwoipa pakhungu. Chofunika ndi kudziwa chimene anathiramo. Ku America bungwe la TTB, loona za msonkho wa mowa, lili ndi mndandanda wa kasakanizidwe kosiyanasiyana malinga ndi ntchito. SDA 3-A ali ndi methanol, ameneyo musamukhudze. SDA 40-B ndi amene ife a zonunkhiritsa timamufuna, muli tert-butyl alcohol pang'ono ndi denatonium benzoate, ija ena amati Bitrex. Kuwawa kwake n'kosaneneka, kadontho kamodzi palilime umalavula tsiku lonse, koma pakhungu sapweteka. Kwa ana asukulu kuwawa kumeneko ndi chitetezo ndithu.

Wa Labu ku Blantyre: Zoona. Wa ku Ulaya nayenso alibe methanol: kuyambira 2017, pa malita 100 a ethanol amathira lita imodzi ya isopropyl alcohol, lita imodzi ya MEK (methyl ethyl ketone) ndi galamu imodzi ya denatonium. Koma MEK amanunkha ngati thina wa penti, ine sindingamuike m'manja mwa mwana.

Wa Perefyumu ku Lilongwe: Komanso ethanol timapanga konkuno, bwanji mukuvutika ndi madiramu osadziwika kochokera? EthCo ku Dwangwa ndi PressCane ku Chikwawa amamupanga kuchokera ku molasesi wa nzimbe. Imbani, nenani kuti ndi wa sanitaiza, funsani certificate of analysis, pepala la kulabu losonyeza zimene zili mkati, ya diramu lililonse. Pepala limenelo musunge, a MBS akadzafuna kuyeza katundu wanu lidzakuthandizani. Wogulitsa amene alibe pepalalo musiyeni ndi madiramu ake.

Wa Sopo ku Zomba: Ndamva. Ndikapeza wa 96%, muyeso ndi uja wa WHO?

Wa Labu ku Blantyre: Eya. Pa malita 10: ethanol mamililita 8,333, hydrogen peroxide wa 3% mamililita 417, glycerol mamililita 145, kenako madzi owiritsa ozizira mpaka akwane malita 10. Mumapeza mphamvu ya 80%, ndipo apa alcoholmeter yanu ija igwira ntchito yake. Mukathira m'mabotolo dikirani maola 72 musanapereke. Pa oda yanuyo mufunika ethanol pafupifupi malita 167, ndiye muwerengenso mtengo musanasayinirane ndi ahedi.

Wa Mipando ku Ndirande: Wapepo uja akutsatsa bwanji diramu? Nditumizireni ku inbox, ine ndikumufuna.