Ndikawayankhe chiyani agogo pa nkhani ya katemera wachitatu?

Nambewe (mlangizi wa zaumoyo, Mufakose, mu mzinda wa Harare ku Zimbabwe):
Akuluakulu, ndigawireni nzeru. Lamlungu likubwerali andipatsa mpata tikaweruka ku tchalitchi kuti ndilankhule ndi agogo athu za katemera wachitatu wa Covid, poti chisanu chayamba kale. Vuto ndi bambo wina wa mumpingo momwemo amene akuyenda ndi foni kuonetsa anthu ziwerengero za ku England. Akuti taonani, ambiri ogonekedwa m'chipatala kumeneko ndi obaya katemera. Akatero amatchula za ku Joni, kuti mu December 2021 matenda anakwera kuposa kale katemera alipo. Amayi ena amene ndinawalemba kale mayina abwerera m'mbuyo. Ndi munthu wamkulu, sindingakangane naye pagulu, koma kukhala chete sindingathenso.

aPhiri (osunga ziwerengero za odwala):
Achemwali, musawatsutse bambowo kuti chithunzicho n'chabodza, chifukwa mwina n'choona. Ku England pafupifupi okalamba onse anabaya. Ndiye mukalowa muwodi mupeza ndani? Obaya omwewo, poti osabaya atsala ochepa. Funso si lakuti pabedi pagona ndani, koma kuti anachokera m'gulu la anthu angati.

Tengani zitsekerero za mabotolo 100, muziike patebulo. Zokwana 90 mbali ino, amenewo ndi agogo obaya. Zotsala 10 mbali inayo, osabaya. Pa 90 paja chotsanipo 3, pa 10 paja chotsanipo 2, muziike m'mbale n'kunena kuti mbaleyi ndi chipatala. M'mbalemo obaya achuluka, n'zoona. Koma afunseni agogowo kuti iwo akufuna kukhala mulu uti: uwu umene wapita mmodzi pa anthu 30, kapena uwo umene wapita mmodzi pa anthu 5? Muwauze poyera kuti manambalawa ndi chitsanzo chabe, si a dziko lililonse.

Sisitala aNangozo (namwino):
Za ku Joni ndiyankhe ine. Omicron, mtundu wina wa kachilombo ka Covid, analengezedwa ndi akatswiri a ku South Africa chakumapeto kwa November 2021, ndipo sipanatenge nthawi tinali naye kuno. Ogwidwa ndi matenda mu December anachuluka kuposa nthawi ya Delta, mtundu umene unalipo Omicron asanabwere, kuno ndi kumeneko komwe. Koma amene tinagwira ntchito muwodi mu July 2021 tikudziwa kusiyana kwake. Nthawi ya Delta munthu ankafika milomo itada, akulephera kumaliza kutchula dzina lake, kachipangizo ka pachala kakuonetsa kuti mpweya watsikiratu, iwe ukuwerenga masilinda a mpweya otsala. Mu December ambiri ankabwera ndi chifuwa, mutu ndi zilonda zakukhosi, kuyezedwa, kupatsidwa mankhwala, ulendo wakunyumba. Ogonekedwa ndi omwalira sanakwere molingana ndi ogwidwa.

Chonde Nambewe mwana wanga, usakanene kuti zonsezi anachita ndi katemera yekha. Omicron salowerera kwambiri m'mapapo ngati Delta, komanso anthu ambiri kuno kummwera kwa Africa anali atadwalapo kale, matupi awo akumudziwa mdaniyo. Ukabisa zimenezi, bambo wa foniyo akazipeza yekha ndipo sadzakukhulupiriranso.

Nambewe:
Mayi, ndikatero si ndiye andiuza kuti basi, matenda afooka, kubaya n'kwa chiyani?

Sisitala aNangozo:
Pamenepo uwauze za Hong Kong. Kumeneko anatseka malire zolimba moti anthu ambiri anali asanadwalepo, ndipo okalamba ambiri anali asanabaye. Omicron yemweyu atalowa, mu March 2022 zipatala zinadzaza, odwala kugona pamabedi panja, ndipo imfa zambiri zinali za okalamba osabayawo. Kachilomboka n'komweko kamene ife tinkati n'kofooka. Kwa mnyamata wa zaka 25 mwina n'chimfine, koma kwa agogo a shuga ndi BP si zocheza. Ndipo mphamvu ya katemera imatsika pakapita miyezi. Amene anabaya Sinopharm koyambirira kuja, pamene katemera anayamba pa chipatala cha Wilkins muno mu Harare mu February 2021, chaka chadutsa kale.

aBanda (oyeza m'labu):
Ndionjezepo pang'ono. Chiwerengero cha ogwidwa n'chimene chimanyenga kwambiri poyerekeza mayiko. England inkagawa zoyezera zaulere anthu kumadziyeza kunyumba, pamene kuno ambiri ankayezetsa pokhapokha akadwalika kapena akafuna chikalata chodutsira pa Beitbridge kapena pa Nyamapanda. Dziko loyeza kwambiri limaoneka ngati ndi lodwala kwambiri. Ngakhale imfa sizinalembedwe zonse. Bungwe la WHO, loona za umoyo padziko lonse, linatulutsa lipoti mu May 2022 loti m'zaka za 2020 ndi 2021 imfa zoposa mwa nthawi zonse zinali pafupifupi 14.9 miliyoni padziko lonse, pamene zolembedwa kuti ndi za Covid zinali 5.4 miliyoni. Komanso ogonekedwa amayamba kukwera patatha sabata imodzi kapena ziwiri ogwidwa atakwera, choncho chithunzi cha tsiku limodzi sichinena zambiri.

Mayi Nachisale (mzamba wopuma):
Ana inu mwalankhula zanzeru, koma mamiliyoniwo asiyeni muno. Agogo a ku Mufakose sakawamva. Akumbutseni January 2021. Kwathu ku Malawi nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi. Kuno ku Zimbabwe tinataya nduna, a Sibusiso Moyo ndi a Joel Biggie Matiza, sabata imodzi. Katemera kunalibe. Aliyense pabenchi pamenepo ali ndi maliro ake a nyengo ija, ena sanathe n'kupita komwe kumudzi kukaika m'bale.

Chachiwiri, bamboyo usakumane naye koyamba Lamlungu. Pita kwawo Loweruka ndi mkulu wa mpingo mmodzi, ukakhale pansi, umuonetse zitsekerero zija ali yekha. Munthu wamkulu akachita manyazi pagulu amaumirira pomwepo ngakhale wamva. Nthawi zambiri anthu otere amakhala ndi mantha awo, si nkhanza ayi. Akavomera, Lamlungu adzagwire mbaleyo ndi iyeyo.

Nambewe:
Zikomo Mayi, Loweruka ndipita. Lina ndi ili: pali agogo awiri amene anabaya AstraZeneca ku Mulanje ali kocheza, ndiye akuopa kuti akabaya wa kuno akangana m'thupi.

Sisitala aNangozo:
Sakangana. Mayiko ambiri anasakaniza mitundu ya katemera, ndipo WHO inavomereza. Abwere ndi khadi la ku Malawi lija kuti namwino aone tsiku limene anabaya komaliza. Ngati linatayika, aimbire abale kumudzi afunse pachipatala pomwe anabayira. Abwerenso ndi mankhwala awo a BP ndi a shuga, tidzawayeza tsiku lomwelo.

aPhiri:
Zitsekerero ndili nazo, za mitundu iwiri, zofiira ndi zobiriwira, zimathandiza kuti a kumbuyo aone bwino. Ndikupatsirani Lachisanu pokwerera kombi ndikaweruka. Mbale mutenge yagalasi kapena yoyera.

Nambewe:
Ndikudikirani cha m'ma 5. Sisitala, mundiuzeko tsiku limene pamzere sipakhala anthu ambiri, agogo enawa sangaime nthawi yaitali m'chisanu chino.