Kulipira ndalama kuti ukaone pomwe munthu anavutikira??

WakuChibavi:
Moni nonse, pali nkhani yandizunguza mutu chidzulo. Asisi anga ali ku Ireland mumzinda wa Limerick, ndiye anditumizira zithunzi pa WhatsApp akuti analowa nawo kaulendo koyenda wapansi, munthu patsogolo akuwalozera malo omwe Frank McCourt anakulira, uja analemba buku la Angela's Ashes. Koma nkhani yake ndi umphawi wokhawokha eti, bambo chidakwa ndalama zonse kuthera kumowa, ana atatu kumwalira ali aang'ono, mayi kumakapempha thandizo ku bungwe lothandiza osauka la St Vincent de Paul. Ndiye anthu akutulutsa ma euro kukaona zimenezo? Ine ndakulira mChibavi momwemu nyumba yazidina, mvula ikagwa tinkatchera mabeseni pamwamba pa mphasa, sindingalole munthu abwere ndi kamera kudzajambula pomwe panali chimbudzi chathu. Uku nkumulemekeza munthu kapena kugulitsa mavuto ake?

Aphunzitsi_Luwinga:
Achimwene bukulo ndinaliwerenga, muliyese musanaweruze. Munthuyu anabadwira ku Brooklyn ku America mu 1930, zinthu zitavuta makolo anabwerera kwawo ku Ireland iye ali ndi zaka zinayi, kuthawa njala kukagwera mu njala ina. Nyumba yomwe ankakhala ku Roden Lane chimbudzi cha anthu onse a mumsewu umenewo chinali pakhomo pawo penipeni, ndiye nyengo ya mvula chipinda chapansi chinkadzaza madzi banja lonse nkusamukira chapamwamba, iwo nkumachitchula Italy poti kunali kouma, chapansicho nkumati Ireland. Apa ndinaseka ndekha ngati wamisala chifukwa ndi zomwe timachita ife tomwe, kuseka uku zikuwawa. Limerick ndi Mzuzu nkhani ya mvula ndi amodzi.

Sukulu anasiya ali ndi zaka 13, nkumagawa matelegalamu panjinga, ali ndi 19 anabwerera ku America komwe anaphunzitsa ku sekondale ku New York zaka pafupifupi 30. Bukulo linatuluka mu 1996 iye ali ndi zaka 66, chaka chotsatira nkuwina mphoto ya Pulitzer. Mfundo yanga ndiyakuti palibe mlendo anabwera kudzamujambula, nkhani yake anaifotokoza yekha ndi pakamwa pake. Za myuziyamu ya McCourt asisi anu aiphonya, inali mu sukulu yomwe iye anaphunzira, Leamy's pa Hartstonge Street, anaitsegula 2011 nkutseka 2019.

NyaMasasa:
Aphunzitsi mwanena bwino koma mwadumpha pena. Anthu ambiri a ku Limerick anakwiya nalo bukulo, ankati wakokomeza komanso wanyozetsa mzinda wawo. Ndipo mayi ake Angela anamwalira mu 1981 buku lisanatuluke, ndiye anavomera liti kuti dziko lonse lidziwe zamanyazi zawo? Umphawi sukhala wa munthu mmodzi, ukaulula wako waululanso wa amayi ako ndi wa aneba omwe ankakubwereka mchere. Ine mwana wanga atadzalemba zoti ndinkakongola ufa pagolosale mpaka mwini wake kumandithawa, olo atawina mphoto yanji tidzakambirana kaye kuseri kwa nyumba kkkk

Kabaza265:
Ine bola abwere alendowo ndiziwakweza, Chibavi, Chiputula, Mchengautuwa, Zolozolo ndikuwonetsani ponse pomwe ndinagonapo ndi njala, mtengo tigwirizana

Mdala wa pa Katoto:
Inu mukukangana za ku Ireland pomwe wathu tinamuiwala. Legson Kayira wa ku Nthalire ku Chitipa, anaphunzira ku Livingstonia, mu 1958 ananyamuka wapansi kufuna sukulu ku America, anayenda mpaka Khartoum ku Sudan ndipo anakafikadi ku Skagit Valley College. Buku lake I Will Try linatuluka 1965, iye anamwalira ku London mu 2012. Funsani ana a fomu 4 pa depoti apa kuti amamudziwa, muona. Ku Karonga tinamangira nyumba mafupa a chinyama chamakedzana chija Malawisaurus, zabwino ndithu sindikutsutsa, koma alendo okwera Golodi kupita ku Stone House ku Livingstonia bwanji osawauzako za mnyamata amene anaphunzira paphiri lomwelo nkuyenda wapansi mpaka Sudan? Aku Limerick anakwiya inde koma dzina la mwana wawo sanalitaye.

WakuChibavi:
Zikomo nonse. A Mdala za Kayira mwandichititsa manyazi, dzinalo ndimangolimva buku sindinaligwirepo, ndikafunsa ku National Library mawa. Koma pa nkhani ya amayi ija ine ndili mbali ya NyaMasasa, amayi anga alipo ndipo za mabeseni zija ndangolemba pano poti sadziwa kulowa pa intaneti. Aphunzitsi la McCourt lija mukanali nalo? Ndibwerekeni ndibweza mwezi ukatha.